Riz Test: muyeso wogwira chipongwe pa Asilamu m'mafilimu, ndi pomwe umaperewera

Riz Test ndi muyeso wa mafunso asanu wothandiza kuona ngati filimu kapena sewero la pa wailesi ya kanema laonetsa Asilamu ngati anthu kapena ngati chinthu choopsezera owonera. Ndi waulere, uli pa intaneti, ndipo sufuna kuti munthu akhale katswiri wa mafilimu. Anaukonza ndi anthu awiri a ku Britain, Dr Sadia Habib ndi Shaf Choudry, ndipo unatuluka mu 2018. Dzinalo analitenga kwa Riz Ahmed, wochita mafilimu wobadwira ku London, yemwe mu 2017 analankhula ku nyumba ya malamulo ya Britain za kuopsa kosiya anthu ena kunja kwa nkhani zomwe dziko limadzifotokozera. Iye mwini sanalembe mafunsowo. Kapangidwe kake anatengera Bechdel Test ya mu 1985, yomwe imafunsa ngati mu filimu muli akazi awiri olankhulana nkhani ina yosakhala ya mwamuna.

Maganizo athu tiwanene poyamba. Pogwira chipongwe chomwe chabwerezedwa kwa zaka zambiri, muyesowu ndi wakuthwa, ndipo aliyense wolemba kapena wophunzitsa za mafilimu ayenera kukhala nawo. Koma sungakuuzeni ngati nkhani ili yoona. Filimu yoona ikhoza kulephera, ndipo filimu yopanda kanthu mkati ikhoza kukhoza.

Muyesowu uli ndi khomo limodzi ndi mafunso asanu. Khomo ndi ili: mu filimu muyenera kukhala mtengambali mmodzi kapena kuposerapo wozindikirika kuti ndi Msilamu chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo chake kapena zovala zake. Akapezeka, mumafunsa. Kodi akukamba za uchigawenga, akuchita uchigawenga, kapena wavulazidwa ndi zigawenga? Kodi amuonetsa ngati munthu wokwiya popanda chifukwa? Kodi amuonetsa ngati wokhulupirira zamatsenga, wotsalira, wodana ndi zinthu zamakono? Kodi amuonetsa ngati chiopsezo pa moyo wa maiko a azungu? Ndipo ngati ali mwamuna, kodi ndi wonyoza akazi, kapena ngati ali mkazi, kodi ndi woponderezedwa ndi amuna a kwawo? Mukayankha kuti inde pa funso limodzi lokha, filimuyo yalephera. Palibe malikisi a theka.

Anthu ambiri amauyesa filimu akangomaliza kuonera, m'mutu mokha, ndipo apa ndi pomwe zotsatira zimasokonekera, chifukwa munthu amakumbukira zomwe zamukwiyitsa n'kuiwala zina. Njira yodalirika ndi kuonera kawiri. Ulendo woyamba musagwire cholembera. Ulendo wachiwiri tengani pepala, mulembe mtengambali aliyense wachisilamu amene ali ndi dzina kapena walankhulapo mawu, aliyense pa mzere wake, ndipo mafunso asanu aja akhale m'mizati. Pamene mwaika inde, lembani miniti ya filimu ndi umboni wake: mawu amene wanena, zimene wachita, nyimbo imene yalira pamene akulowa, mmene kamera yamuonera. Filimu ya maola awiri ikudyerani maola anayi kapena asanu. Anthu awiri adzaze mapepala padera kenako afananize, poti funso la mkwiyo ndi la kutsalira limadalira kwambiri maso a woonera. Sewero la zigawo zambiri muliyeze pa sizoni yonse, osati pa gawo limodzi, chifukwa olemba ambiri amakonda kumuika Msilamu ngati woganiziridwa m'gawo lachiwiri n'kudzamuyeretsa m'gawo lachisanu ndi chitatu. Kachitidwe kameneko kokha ndi koyenera kulembedwa pa pepala lanu, popeza kwa masabata asanu ndi limodzi woonera wakhala akuphunzitsidwa kumukayikira.

Chinthu chimodzi musachiphonye: mafunso anayi omalizawo akunena za mmene filimu yamuonetsera munthu, osati zimene atengambali ena akumunenera. Wapolisi wa mu filimu akamunena Msilamu kuti ndi wotsalira, filimu n'kuonetsa kuti wapolisiyo ndi wolakwa, yankho ndi ayi.

Ubwino waukulu wa muyesowu ndi wakuti umasandutsa dandaulo kukhala chinthu chowerengeka. Msilamu akanena kuti watopa ndi kuonetsedwa ngati chigawenga, amayankhidwa kuti ndi filimu chabe. Mukafika ndi mapepala makumi awiri odzazidwa mofanana, yankho limenelo limasowa poima. Ndipo kafukufuku wamkulu akugwirizana ndi zomwe mafunsowa amasaka. Mu 2021, gulu la Annenberg Inclusion Initiative la pa University of Southern California linafufuza mafilimu 200 otchuka a ku America, Britain, Australia ndi New Zealand a pakati pa 2017 ndi 2019. Mwa atengambali 8,965 olankhula, 1.6 peresenti yokha ndiwo anali Asilamu, pomwe pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi ndi Msilamu. Mwa Asilamu amene anali ndi mbali zikuluzikulu, 39 peresenti anali ochita zachiwawa. Chaka chotsatira gulu lomwelo linayang'ana masewero a pa wailesi ya kanema n'kupeza 1.1 peresenti. Nkhaniyi si yatsopano: Jack Shaheen, mphunzitsi wa ku America, anatulutsa buku mu 2001 atasanthula mafilimu mazanamazana a ku Hollywood oonetsa Aluya, ndipo zithunzi zomwe anazipeza ndi zomwezi zomwe Riz Test ikuzisaka lero.

Tsono pomwe umaperewera.

Funso loyamba lamanga mtolo umodzi anthu atatu osiyana: wochita uchigawenga, wovulazidwa nawo, ndi wongoukamba. Chifukwa chake n'chomveka, poti cholinga ndi kuonetsa kuti Msilamu saloledwa kulowa mu filimu popanda bomba pafupi. Koma taonani zotsatira zake. Filimu ya Timbuktu ya mu 2014, ya Abderrahmane Sissako wa ku Mauritania, ikukamba za nthawi imene zigawenga zinalanda mzinda wa Timbuktu ku Mali mu 2012. Ovutika mu filimuyo ndi Asilamu. Imamu wa mzindawo, wotsogolera mapemphero, amawauza anthu a mfuti kuti atuluke mu mzikiti momwe alowa ndi nsapato ndi zida, ndipo anyamata oletsedwa mpira amasewera bwalo lonse popanda mpira. Palibe filimu yambiri yomwe yaonetsa bwino chonchi kuti oyamba kulira ndi nkhanza zimenezi ndi Asilamu omwewo. Pa pepala la Riz Test, filimuyi yalephera funso loyamba, ndipo yaikidwa mtanga umodzi ndi filimu ya mfuti yomwe Asilamu ake alibe ngakhale mayina.

Funso lachisanu lili ndi vuto lomwelo. Wadjda, filimu ya mu 2012 ya Haifaa al-Mansour, inajambulidwa yonse ku Saudi Arabia ndipo ikukamba za kamtsikana kolowa mpikisano wowerenga Qur'an kuti kapeze ndalama yogulira njinga. Malamulo opanikiza akazi ali poyera mu filimuyo, ndipo mwini filimu anatsogolera zigawo zina za mumsewu ali mkati mwa galimoto, akulankhula pa wailesi ya m'manja, chifukwa cha malamulo omwewo. Mkazi wachisilamu akafotokoza yekha zomwe zikumupweteka kwawo, sichipongwe. Muyesowu ulibe njira yosiyanitsira mwini nyumba wonena kuti denga likudontha ndi mlendo woloza dengalo kuti anthu aseke.

Khomo lija nalonso lili ndi mng'alu. Kuzindikira Msilamu ndi mtundu kapena chilankhulo ndi kulakwitsa komwe mafilimu oipa amachita. Aluya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Asilamu onse. Dziko lokhala ndi Asilamu ambiri ndi Indonesia, ndipo Pakistan, India, Bangladesh ndi Nigeria alinso ndi chiwerengero chachikulu. Ku America, Msilamu mmodzi mwa asanu ndi munthu wakuda. Mbali inayi, ku Egypt ndi ku Lebanon kuli Aluya mamiliyoni achikhristu, ndipo mwamuna wovala nduwira m'misewu ya London kapena New York nthawi zambiri amakhala wa chipembedzo cha Sikh. Okonza muyesowu akutsata maso a woonera wamba, amene amasakaniza zonsezi, ndipo pa cholinga chawo zikumveka. Koma inu podzaza pepala onjezerani mzati wina: kodi filimu yanena kuti munthuyu ndi Msilamu, kapena yangotisiya tiganize? Palinso mafilimu omwe safika n'komwe pa khomolo. Mu kafukufuku wa 2021 uja, mafilimu 181 mwa 200 analibe Msilamu wolankhula ngakhale mmodzi. Amenewo muyesowu suwakhudza, chonsecho kusowa kumeneko ndiye vuto lalikulu kuposa onse.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi filimu yokhoza mayeso koma yabodza. Olemba ena aphunzira kuzemba mafunso asanuwa. Amaika dokotala wachikazi wovala hijabu (mpango wophimba kumutu), womwetulira, wopanda mkwiyo, wopanda banja, wopanda Ramadhan, wopanda chilichonse chomwe amafuna pa moyo wake kupatula kuthandiza mtengambali wamkulu. Onse asanu yankho ndi ayi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choonadi cha nkhani chimakhala m'tinthu ting'onoting'ono tomwe Msilamu woonera amationa pa sekondi imodzi, ndipo muyesowu sutifunsa. Tikhalitsepo apa.

Yambani ndi swala, mapemphero a Asilamu, poti ndi yomwe amakonda kujambula ndipo ndi yomwe amailakwitsa kwambiri. Swala zokakamizidwa ndi zisanu pa tsiku ndipo zonse pamodzi zili ndi rakaa (zigawo za swala) 17: Fajr ya m'bandakucha ziwiri, Dhuhr ya masana zinayi, Asr ya chakumadzulo zinayi, Maghrib ya dzuwa litangolowa zitatu, Isha ya usiku zinayi. Rakaa iliyonse ili ndi kuimirira, kuwerama kamodzi manja ali pa mawondo, kudzuka, kenako kugwetsa nkhope pansi kawiri, mphumi ndi mphuno zitakhudza pansi, ndi kukhala pang'ono pakati pake. Cholakwika chofala ndi munthu wogwada amene akungokweza manja n'kugwa pansi mobwerezabwereza, osaimirira, osawerama. Zimachitika chifukwa dayirekita akufuna chithunzi chimodzi chotsika ndipo wochita sewero sanaphunzitsidwe. Kuphunzira kayendedwe ka rakaa imodzi sikutenga tsiku lonse ngati pali womuonetsa. China ndi mawu: Fajr, ndi rakaa ziwiri zoyamba za Maghrib ndi Isha, imamu amawerenga mokweza, pomwe Dhuhr ndi Asr zimawerengedwa chamumtima. Mzikiti wowala dzuwa la masana imamu akuwerenga mokweza uli bwino pa Lachisanu, pomwe swala ya Jumu'a ndi rakaa ziwiri pambuyo pa ulaliki, koma tsiku wamba ndi cholakwika. Swala ya maliro ilibe kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi, anthu amaimirira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo munthu ali pa swala satembenuka kuyankha wolowa pakhomo.

Mbali yoyang'ana nayo imavuta olemba. Ambiri amalemba kuti munthu wayang'ana kum'mawa, ngati kuti Asilamu amapembedza kotulukira dzuwa. Amayang'ana ku Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka. Kuchokera ku London ndi kum'mwera chakum'mawa, kuchokera ku New York ndi kumpoto chakum'mawa, kuchokera ku Jakarta ndi kumadzulo chakumpoto pang'ono. Pa malo ojambulira, chofunika ndi chakuti mkeka woswalirapo uyang'ane mbali imodzimodzi m'chipinda chimodzi pa zigawo zonse. Wokonza chipinda akautembenuza kuti nyali igwe bwino, woonera wachisilamu amadziwa kuti panalibe womuuza.

Wudhu, kusamba kokonzekera swala, uli ndi dongosolo lake: manja mpaka m'mfundo, kuchukucha mkamwa, kutsuka mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono kuyambira wakumanja, kupukuta mutu ndi manja onyowa, makutu, kenako mapazi mpaka m'akakolo. Umu ndi mmene Asunni, gulu lalikulu la Asilamu, amachitira. Ashia, gulu linalo, amapukuta mapazi m'malo mowasambitsa, amaswali manja ali m'mbali, ndipo ambiri amagwetsa mphumi pa kadothi kouma. Koma musafulumire kuweruza, chifukwa otsatira chiphunzitso cha Maliki, omwe ndi Asunni ndipo ndi ambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, ambiri a iwo amaswalinso manja ali m'mbali. Choncho funso loyenera si lakuti Asilamu amaswali bwanji, koma lakuti munthu uyu, wa banja ili, wa dziko ili, amaswali bwanji.

Hijabu ndi nkhani ina. Mkazi amene amavala hijabu savala ali yekha kuchipinda, sagona nayo, ndipo safunika kuivala pamaso pa mwamuna wake, bambo ake, mchimwene wake kapena akazi anzake. Mafilimu amamusiya nayo pa bedi chifukwa amaopa kuti akaivula owonera aiwala kuti ndi Msilamu. Apa pali chovuta chenicheni: ngati wochita sewero amavaladi hijabu pa moyo wake, savula pamaso pa kamera, ndipo njira yake ndi kusankha kaimidwe ka kamera, kapena kulemba chochitikacho pa nthawi imene m'nyumba muli mlendo. Kamangidwe kakenso kamasiyana pakati pa Turkey, Malaysia, Somalia ndi Iran. Ndipo chithunzi cha mtsikana wovula hijabu atakondana ndi mzungu, ngati chizindikiro chakuti wamasuka, chabwerezedwa mpaka chatha mphamvu.

Azana, kuitana kwa ku mzikiti, mafilimu amaigwiritsa ntchito ngati belu lochenjeza. Kamera ikauluka pamwamba pa mzinda wafumbi, azana n'kulira, woonera amadziwa kuti kukubwera zoopsa. Kwa Msilamu amenewo ndi mawu oitanira ku pemphero, ndipo ali ndi nthawi zake zisanu. Mawu akuti Allahu akbar, omwe Msilamu amawanena kambirimbiri pa swala iliyonse komanso pa chisangalalo, mu mafilimu ambiri amamveka pokhapokha chinthu chisanaphulike. Nthawi zambiri zimenezi sizikhala mu sikiripiti, zimalowa pa nthawi yoika mawu ndi nyimbo, pamene aliyense wodziwa anapita kale kwawo.

Zolembedwa m'Chiarabu zimaonongeka pa chifukwa cha kompyuta. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndipo zilembo zake zambiri zimalumikizana. Pulogalamu yojambulira ikakhala kuti sinatcheredwe kulandira zilembo zotere, imaziduladula n'kuziyala chobwerera, ndipo chikwangwani chimasindikizidwa chosawerengeka. Kuti muone kuti pa malo ojambulira pamasowadi wowerenga, kumbukirani zomwe zinachitika mu 2015 pa sewero la ku America la Homeland. Pojambula ku Berlin malo oyerekeza msasa wa othawa kwawo a ku Syria, analemba ntchito ojambula pa makoma, mmodzi mwa iwo Heba Amin wa ku Egypt, kuti alembe mawu a Chiarabu. Iwo analemba mawu odzudzula seweroli kuti ndi latsankho, ndipo gawolo linaulutsidwa mawuwo ali pa khoma. Palibe amene anafunsa tanthauzo lake. Safunsa anadya phula. Momwemonso chilankhulo: ku Tehran amalankhula Farsi, ku Kabul Dari ndi Pashto, ku Lahore Urdu ndi Punjabi, ndipo Chiarabu cha ku Morocco si cha ku Iraq.

Ramadhan tingoidutsa mwachidule. Chaka cha mwezi chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho mwezi wosala umabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse. Ngati nkhani yanu yatchula chaka, yang'anani nyengo imene Ramadhan inagwa, poti kusala kwa ku Britain m'chilimwe kumapitirira maola 18 pomwe m'nyengo yozizira n'kwaufupi. Wosala samwa ngakhale madzi, ndipo amamasula dzuwa likangolowa, osati usiku wa manda.

Zonsezi zimakonzeka ndi mlangizi, ndipo ntchito imeneyi ilipo. Hollywood Bureau ya bungwe la Muslim Public Affairs Council ku Los Angeles imawerenga masikiripiti ndi kulangiza makampani. Pillars Fund ya ku Chicago, pamodzi ndi Riz Ahmed, inatulutsa mu 2021 ndondomeko yotchedwa Blueprint for Muslim Inclusion, ndi thandizo la madola 25,000 kwa olemba ndi otsogolera mafilimu achisilamu osankhidwa, komanso inakhazikitsa kaundula wa akatswiri achisilamu woti makampani azisakamo antchito. Koma mlangizi amathandiza malinga ndi nthawi imene mwamuitana. Pali nthawi zinayi: pokonza mafupa a nkhani, sikiripiti ikalembedwa, masiku ojambula zigawo za chipembedzo ndi za m'nyumba, ndi polumikiza zithunzi ndi mawu. Ambiri amamuitana pa nthawi yachitatu yokha. Pamenepo nyumba yamangidwa kale, ochita sewero asayina kale, ndipo kujambulanso tsiku limodzi ndi ndalama zomwe palibe akufuna kutulutsa. Mlangizi amangowongola hijabu ya mtengambali amene nkhani yake inapotoka pa tsamba loyamba, kenako dzina lake limaikidwa kumapeto ngati chishango. Asankhidwenso woyenera dera: Asomali a ku Minneapolis, Abengali a ku Tower Hamlets ku London, mabanja ochokera ku Pakistan a ku Bradford, ndi Ashia ochokera ku Lebanon ndi Iraq a ku Dearborn sakhala mofanana, ndipo shehe mmodzi sangawayankhulire onse. Mlangizi alibenso mphamvu yomwe wolemba ali nayo. Amapereka maganizo, wina n'kuwakana. Wolemba wachisilamu wokhala m'chipinda cholembera kuyambira tsiku loyamba amasintha nkhani yeniyeniyo.

Kwa mphunzitsi ndi gulu lokambirana mafilimu, Riz Test ndi chida chabwino kwambiri choyambira, makamaka mukapatsa ophunzira mafilimu awiri olephera funso limodzimodzi, ina ya mwini nkhani ndi ina ya mlendo, kuti afotokoze kusiyana kwake. Kwa wolemba ndemanga, musasindikize mawu akuti yalephera osanena funso lake ndi miniti yake. Kwa wolemba sikiripiti, uyeseni pa ndondomeko ya nkhani musanalembe zokambirana, ndipo pansi pa mafunso asanuwo onjezerani anu atatu. Kodi munthuyu akufuna chiyani chomwe sichikukhudzana ndi kukhala Msilamu? Kodi ali ndi Msilamu mnzake mu nkhaniyi amene amasiyana naye maganizo? Nanga ndani mwa olemba, otsogolera ndi olumikiza zithunzi amene angazindikire rakaa yolakwika popanda kuuzidwa? Ngati funso lachitatulo lilibe dzina, mupezeni munthuyo musanatseke bajeti, ndipo mu mgwirizano wake mulembemo kuti adzaonera filimu yonse mawu ndi nyimbo zitaikidwa kale, isanatumizidwe kwa oulutsa.